Mwamuna wa Nagama amabwera masana

Padangokhala, ndipo inu mukhale nane, kale pamene ziweto zinkaweruza zokha milandu yawo kuseri kwa khola, eni ake osadziwa. Masiku amenewo kamba wamkazi sankaikira dzira pokhapokha mwamuna wake ali pafupi. Amene adasintha zimenezi ndi kamba wina dzina lake Nagama.

Nagama anali pabanja ndi kamba mnzake, Kafere. Tsiku lina awiriwa akudya maluwa a maungu m'munda mwa mayi wina dzina lake Nanyoni, mwini munda adatulukira. Kafere adalowa pansi pa masamba. Nagama adachedwa. Nanyoni adamutola, n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Kokongola aka," adatero Nanyoni. "Ndikaweta." Adamuika m'dengu.

Dengu likukwera pamutu, Kafere adatulutsa khosi n'kukuwa: "Nagama, usade nkhawa! Ndikukutsatira pompano!"

Kafere sankanama. Adanyamukadi nthawi yomweyo. Koma Nanyoni ankayenda ndi miyendo ya munthu, Kafere ndi miyendo ya kamba.

Atafika kunyumba, Nanyoni adaika Nagama mkati mwa mpanda momwe munali ziweto zake zonse. Sankamuzunza. Ankamupatsa nkhwani, makoko a nthochi ndi madzi m'phale. Vuto linali kwa ziweto zinzake, chifukwa mumpandamo munali maudindo ndi malamulo. Tambala anali kapitawo, woweruza milandu yonse ali pamwamba pa mtondo. Galu anali mlonda wa pachipata. Thadzi, nkhuku yaikulu pa zazikazi zonse, anali namkungwi, ndipo nkhani za akazi zinkayamba zafika kwa iye. Nduna ya Tambala anali Bakha, amene mkazi wake adalowa mumphika tsiku lina kutabwera alendo. Aliyense ankakumbukira kuti malemuyo analibe nthenga pankhongo chifukwa cha mlomo wa mwamuna wake.

Lamulo la mumpanda linali ili: mkazi sakhala yekha. Mwamuna wake akasowa mpaka mvula kugwa ndi kuleka, bwalo limamusudzula mkaziyo, ukwati wakale n'kutha, n'kumupereka kwa mwamuna wina.

Bakha sadadikire kuti mvula ileke. Adayamba kuzungulira phale la Nagama.

"Mayi, amuna anuwo ali kuti?"

"Ali m'njira, alamu."

"Njira iti?"

"Yobwera kuno."

"Adanyamuka liti?"

"Tsiku lomwe ndidabwera ine."

Bakha adaseka mpaka mchira kugwedera. "Ndiye adzafika adzukulu anga ali ndi imvi. Tamverani, ine ndili ndi chithaphwi changachanga kuseri kwa bafa. Matope ake ndi ofewa. Mkazi wanga amasambira m'mawa ndi madzulo."

"Ine madzi ndimangomwa, alamu."

"Mudzaphunzira. Malemu uja ndidamuphunzitsa ndine."

Mvula idagwa, n'kuleka. Tambala adakwera pamtondo n'kuitanitsa bwalo.

"Mayi Nagama, mvula yapita, mwamuna wanu sitikumuona. Lero tikusudzulani. Nduna yanga yavomera kukusungani."

"Ndamva, a Kapitawo," adayankha Nagama. "Ndine mlendo, malamulo anu sindiwadziwa onse. Kodi kuno mumasudzula mkazi woyembekezera?"

"Ayi," adatero Tambala. "Woyembekezera sasudzulidwa. Ngakhale atabereka, timadikira mpaka ana atuluke m'chikuta."

"Ndiye tidikire, chifukwa ine ndili ndi pakati."

"Bodza!" adatero Bakha. "Namkungwi amupime!"

Thadzi adapita, n'kugogoda chigoba cha Nagama ndi mlomo, pamsana, m'mbali, ndi kunsi komwe. Adabwerera akupukusa mutu.

"A Kapitawo, sindingavomere ndipo sindingakane. Mayiyu mimba yake ili m'nyumba, ndipo nyumbayo ilibe zenera."

"Chabwino," adatero Tambala. "Mvula ikayambanso tione mazira. Akapanda kuoneka, mayi, mukagona kuchithaphwi."

M'mimba mwa Nagama munalibe dzira ngakhale limodzi. Iye adangogula nthawi, ndipo ankadziwa kuti nthawiyo itha Kafere asanafike. Koma adali ataona kanthu mumpandamo: nkhuku zinkaikira tsiku ndi tsiku, ngakhale zimene Tambala sankaziyang'ana n'komwe. Tsiku lina adapeza Thadzi akusamba fumbi, n'kukhala pambali pake.

"Amayi, ine a Kapitawo ndimawagomera. Mwamuna wamphamvu ngati ameneyu sindidamuone."

"Wachita chiyani?"

"Mazira onsewa! Inu mukangoikira, iwo pamtondo, kulira kuti mudzi wonse udziwe ntchito yawo."

Thadzi adasiya kusamba. "Wati ntchito ya yani?"

"Ya a Kapitawo. Kapena ndalakwa?"

"Mwanawe, chilimwe chija a Nanyoni adawabwereketsa kwa mchemwali wawo, ukuganiza kuti mazira adasiya? Lichero linkadzaza ngati kale. Dzira ndi la mkazi. Mwamuna amangoikamo mwana. Iye kulibe, dzira limabwerabe, kungoti mkati mumakhala mulibe aliyense."

"Nanga bwanji simuwauza?"

"Tiwauze kuti atani? Akamalira pamtondo amasangalala, ife n'kupumako."

"Koma ndiye nkhuku muli ndi mwayi. Ife akamba sitingathe."

"Ndani adakuuza? Idya zigoba za nkhono, uziothera dzuwa, usiye kudandaula. Mvula ikamayandikira thupi limadziwa lokha." Thadzi adaima pomwepo, n'kumuyang'ana Nagama ndi diso limodzi. "Iwe! Pabwalo paja udanama!"

"Ndidangofulumira kulankhula, amayi. Tsopano inu mwadziwa changa, ine ndadziwa cha nkhuku zonse. Tisungirane."

Thadzi adadzikung'untha fumbi. "Ine sindidamve kanthu," adatero, n'kuchoka.

Nagama adachita monga adauzidwa. Ankatola zigoba za nkhono m'mphepete mwa mpanda n'kumazitafuna, ndipo m'mawa uliwonse ankaothera dzuwa. Mitambo itayamba kusonkhana, adamva kulemera kumbuyo. Adasiya kudya, n'kumangoyenda m'mbali mwa mpanda kufuna dothi lofewa. Atalipeza adayamba kukumba ndi miyendo yakumbuyo, uku akuimba.

Inali nyimbo yoyenda pang'onopang'ono ngati mwini wake. Inkatchula dzina la Kafere, n'kumuuza kuti asathamange angapunthwe, pakuti malo ake pambali pa phale palibe amene wakhalapo. Pothera pake panali mawu obwerezabwereza onena kuti amene ali m'njira sadasowe, ndipo pamenepo nkhuku zinkavomera, Thadzi patsogolo.

Ziweto zonse zidabwera kudzaona. Mazira adagwera m'dzenje, oyera, ozungulira. Nagama adadikira kuti aliyense awaone bwino, kenaka adawakwirira, n'kusalaza dothi ndi chifuwa chake, n'kumapita kukadya nkhwani.

"Simufungatira?" adafunsa Tambala.

"Kwathu sitifungatira, a Kapitawo. Chikuta chathu ndi dothi."

Adawakwirira dala. Dzira la pachisa likasukusa aliyense amadziwa. La pansi pa dothi palibe amene angalinunkhize.

"Mazira tawaona," adatero Tambala. "Mpaka ana atuluke, palibe mlandu."

Bakha adadikira. Chimanga chidacha, anthu adakolola, koma padothi paja sipadatuluke kanthu.

"Mayi, ana aja ali kuti?"

"Ndi ana a kamba, alamu. Atengera bambo awo."

Mvula itayambanso, Nagama adakumba dzenje lina, n'kuimba nyimbo yomwe ija, nkhuku zikuvomera, n'kuikira mazira ena. Bakha adathamangira kumtondo.

"A Kapitawo, mazira oyamba aja tinene kuti adabwera nawo m'mimba kuchokera kumunda. Nanga awa? Bambo wake ndani?"

Tambala adaitanitsa bwalo. "Mayi, yankhani."

"Bambo wake ndi mwamuna wanga. Amabwera."

"Amabwera liti, ife osamuona?"

"Masana, dzuwa lili paliwombo, inu mukakhala mumthunzi."

"Nanga bwanji sakhala?"

"Amaopa dengu la a Nanyoni."

"Amalowera pati?"

"Pachipata. Funsani alonda."

Galu ankagona pansi pa nkhokwe masana aliwonse, miyendo m'mwamba. Aliyense ankadziwa, koma panalibe amene adazinenapo pabwalo, chifukwa mlonda wogona pantchito ankachotsedwa paudindo.

"Ine mlanduwu ndikuuona wosavuta," adapitiriza Nagama. "Mazira alipo, ndiye kuti mwamuna adalowa. Chipata ndi chimodzi. Funso latsala ndi lakuti alonda adamuona, kapena nthawi imeneyo ankachita zina. Ine ndikudziwa kuti alonda athu sagona."

Maso onse adapita kwa Galu. Galu adakanda khutu nthawi yaitali.

"Ndidamuona," adatero.

"Ndi wotani?" adafunsa Bakha.

"Wa chigoba."

"Akamba onse ndi a chigoba!"

"Wofatsa. Waulemu kwambiri. Amandipatsa moni."

"Mboni yalankhula," adatero Tambala. "Mkazi amene mwamuna wake amabwera sasudzulidwa. Bwalo latha."

Bakha sadagonje. Chaka chotsatira, Nagama ataimba nyimbo yake n'kukwirira mazira kachitatu, Bakha adadikira kuti Nagama apite kukadya. Adalowetsa mlomo m'dothi, n'kufukula mazira atsopano ndi akale omwe, n'kuwagubuduzira patsinde pa mtondo. Ziweto zitasonkhana adawaswa limodzilimodzi. Akale anali ouma, ena onunkha. Atsopano munali madzi ndi chikasu basi.

"Taonani!" adakuwa Bakha. "Mwana ali kuti? Ngakhale kamwendo? Palibe mwamuna amene amabwera kuno. Mlonda adanama. Mayiyu mazirawa akuikira yekha!"

Thadzi adayamba kujompha pansi pomwe panalibe chakudya.

Nagama adafika pabwalo mosafulumira. Adayang'ana zigoba zoswekazo, kenaka adayang'ana kumtondo.

"A Kapitawo, nduna yanu yanena mawu aakulu. Ikuti mkazi akhoza kuikira dzira popanda mwamuna. Ine sinditsutsa, ndine mlendo. Mwini mazira ambiri mumpanda muno ndinu, ndiye weruzani ndinu. Mukati inde, dzira limabwera popanda mwamuna, ine lero lomwe ndikagona kuchithaphwi, osadandaula. Kungoti mawa amayi Thadzi akaikira, inu n'kukwera pamtondo, anapiye adzafunsa kuti agogo akulirira chiyani."

Tambala sanali wopusa. Adakumbukira chilimwe chija adakakhala kwa mchemwali wa Nanyoni. Pobwerako adapeza lichero lodzaza mazira, ndipo adalira mokweza osafunsa aliyense. Tsopano adayang'ana Thadzi. Thadzi adapitiriza kujompha dothi. Adayang'ana nkhuku zina. Nazonso zinali zitapeza chojompha. Akadatha kufunsa namkungwi pomwepo, koma adadziwa kuti yankho lake likamveka pabwalo silingabwezedwe.

Adatambasula mapiko, n'kukonza kukhosi.

"Chiyambire dziko, dzira silidabwerepo popanda mwamuna. Mwamuna wa mayiyu amabwera. Mlonda adamuona. Zoti mkati mulibe mwana zimachitika. Ngakhale anga ena amasukusa. Koma inu a Bakha mwafukula chikuta cha mwini, chinthu chimene mwamuna sachita. Kuyambira lero unduna wanu watha, ndipo paphale la mayiyu musadzayandikirenso."

Galu adagwedeza mchira. "Ndidanena ine. Amandipatsa moni."

Osimba ena amati Nagama adavina tsiku limenelo. Zimenezo n'zowonjezera. Adangobwerera kukamaliza nkhwani zake.

Zikadathera pomwepo zikadakhala bwino. Koma m'mawa wina, dzinja lina litapita, pachipata padafika kamba wamwamuna, chigoba chokalikakalika, zikhadabo zitatha. Galu adamuuwa.

"Ndiwe yani? Ukufuna chiyani?"

"Ndine Kafere. Ndikufuna mkazi wanga Nagama. Adatengedwa m'dengu."

Galu adameza kuuwa kwake. "Aa, achimwene! Mwabweranso?"

"Kubweranso? Ine kuno n'koyamba."

"Lowani, lowani, koma musalankhule mokweza."

Bakha adali atamva kale. Adathamanga kuchokera kuchithaphwi, matope ali chuchuchu.

"Takulandirani, bambo! Inu ndinu a Kafere? Tikuyamikeni. Akazi anu akhala akuikira mazira mvula iliyonse."

Kafere adaima. "Mazira? A yani?"

"Akuti ndi anu."

"Anga bwanji? Ine mkazi wanga sindidamuone chichokere m'munda wa maungu! Ndayenda osapuma, ndagwera m'maenje, ana adandisandutsa mpando, ndipo ndikupeza izi? Nagama! Uli kuti?"

"Mwamva?" adakuwa Bakha. "A Kapitawo, mwamva? Mwini wake wanena yekha!"

Ziweto zidasonkhana. Nagama adatulukira kuseri kwa phale. Adamuona mwamuna wake, wowonda, wokwiya, ndipo mtima wake udafuna kuthamanga, koma miyendo idayenda monga mwa masiku onse. Adayang'ana kumtondo.

"A Kapitawo, mlendoyu akutsutsa chiweruzo chanu."

Tambala adamuyang'ana Kafere kuchokera pamwamba.

"Bambo, mwakhala mukubwera."

"Ine?"

"Inu amene. Masana, dzuwa lili paliwombo. Bwalo lidaweruza kale. Mlonda?"

"Ndi omwewa," adatero Galu. "Moni wawo sindingauiwale."

"Koma ine galu uyu sindikumudziwa!"

"Namkungwi?"

"Bambowa ayenda kwambiri padzuwa," adatero Thadzi. "Mutu watentha. Apatseni madzi, akumbukira."

"Mundilole ndilankhule nawo pambali," adatero Nagama.

Adamutengera Kafere m'mbali mwa mpanda, pomwe adakwirira mazira a mvula yomaliza. Adafukula limodzi, n'kuliswa pamaso pake.

"Tayang'anani, bambo. Mukuonamo mwana wa yani?"

Kafere adasuzumira. "Mulibe kanthu."

"Mukadakhala kanthu ndiye mukadandifunsa. Kuno mkazi wopanda mwamuna amaperekedwa kwa wina, ndipo ine ndikadaperekedwa kwa uyo wamatopeyo. Ndinkasunga malo anu ndi mazira opanda kanthu."

"Koma mazira amabwera bwanji popanda ine?"

"Funso limenelo, mukafuna kukhala mumpanda muno, musadzalifunse mokweza. Tsopano bwererani mukanene kuti mwakumbuka."

Kafere adayang'ana dzira losweka, adayang'ana Bakha, adayang'ananso mkazi wake. Kenaka adayenda kupita kumtondo, ziweto zonse zikumudikira.

"Pepani, a Kapitawo. Ndakumbuka. Ndinkabwera."

"Nthawi yanji?" adafunsa Bakha.

"Masana," adayankha Galu, Thadzi ndi Tambala pamodzi.

Nanyoni potuluka ndi makoko a nthochi adapeza akamba awiri paphale. "Aa, ayamba kubwera okha," adatero, n'kubwerera kukatenga makoko ena.

"Idyani," Nagama adauza mwamuna wake. "Mwachedwa."

"Ndinkathamanga," adatero Kafere.

Mvula itabweranso Nagama adakumba, adaimba, nkhuku zidavomera, ndipo Kafere adamva koyamba nyimbo imene inkamutchula zaka zonsezo. Patapita miyezi, dothi lidang'ambika, n'kutuluka tiakamba tating'ono, tikuyenda mosafulumira kupita kuphale. Bakha adaima patali akutiyang'ana.

"Ndidakuuzani, alamu," adatero Nagama. "Atengera bambo awo."

Nagama adaphunzitsa ana ake aakazi za zigoba za nkhono ndi dzuwa la m'mawa, pakuti dengu limatha kubwera tsiku lililonse. Iwonso adaphunzitsa awo, mpaka thupi lidazolowera losafunanso kuuzidwa. N'chifukwa chake lero, mukaweta kamba wamkazi yekhayekha, wosaonana ndi wamwamuna, nyengo yake ikakwana amasiya kudya, amayendayenda m'mbali mwa mpanda, amakumba ndi miyendo yakumbuyo, amaikira, amakwirira, n'kuchoka osacheuka. Mazira otero saswa, ndipo iye amadziwa. Inu mungomupatsa dothi lofewa. Tambala naye sadasiye kulira nkhuku ikaikira, ndipo nkhuku sizidamuuzebe.

Nthano yanga ndaikwirira pompano, ndasalaza ndi dothi. Wofuna kufukula ayambe wafunsa Bakha.